Koh Tao, Koh Samui ndi Koh Chang: Kusankha Chilumba mu Gulf of Thailand

Nyanja ya Gulf of Thailand, yomwe ili pakati pa Thailand, Cambodia ndi kum'mwera kwa Vietnam, ndi yosazama, moti ngakhale pamalo pake pakuya kwambiri sipafika mamita 90. Madzi ake ndi ofunda chaka chonse, koma zilumba zake sizilandira mvula nthawi imodzi, ndipo apa ndi pamene alendo ambiri amalakwitsa.

Koh Chang ili kum'mawa, m'chigawo cha Trat pafupi ndi malire a Cambodia. Kumeneko mvula yamphamvu imagwa kuyambira Meyi mpaka Okutobala, pamene ku Koh Samui ndi Koh Tao, zomwe zili kumadzulo m'chigawo cha Surat Thani, imavuta kwambiri kuyambira Okutobala mpaka Disembala, makamaka mu Novembala. Choncho wopita mu Julayi asankhe kumadzulo, ndipo wopita mu Novembala alunjike ku Koh Chang, komwe mapiri ake ali ndi nkhalango yowirira ndiponso mathithi monga a Klong Plu.

Koh Samui ndi chilumba cha munthu wofuna kupuma osavutika paulendo. Chili ndi bwalo la ndege lomwe linatsegulidwa mu 1989, mahotela a mitengo yosiyanasiyana, komanso maboti opita ku Ang Thong, malo otetezedwa a zilumba 42. Koma m'mphepete mwake madzi sakhala oyera kwenikweni, ndipo wofuna kuona za pansi pa nyanja amakwerabe boti kupita kwina.

Kwinako nthawi zambiri ndi ku Koh Tao. Kachilumba aka n'kakang'ono, pafupifupi masikweya kilomita 21, ndipo kalibe bwalo la ndege. Munthu amafikako pa boti kuchokera ku Chumphon, tawuni ya m'mphepete mwa nyanja kumtunda, kapena ku Samui, ndipo nyanja ikawinduka ulendowo umasokoneza m'mimba. Komabe amene wavala galasi losambirira n'kuviika nkhope m'madzi pafupi ndi gombe amaona matanthwe a makorali, nsomba za mawangamawanga zikudya ndere, ndipo mwamwayi kamba wa m'nyanja akukwera pang'onopang'ono kukapuma mpweya pamwamba. Dzina lakuti Koh Tao limatanthauza chilumba cha akamba. Osambira pansi pa madzi atanyamula mabotolo a mpweya amapita ku matanthwe a m'nyanja otchedwa Chumphon Pinnacle ndi Sail Rock, komwe nthawi zina kumadutsa shaki yotchedwa whale shark, nsomba yaikulu kuposa zonse padziko lapansi, yomwe imadya tizamoyo ting'onoting'ono ndipo siluma munthu.

Kwa wokonda zamoyo za m'madzi, Koh Tao ikuposa zinzake kutali, ngakhale kuti kuchuluka kwa alendo ndi kutentha kwa madzi kwa mu 2010 zinawononga makorali ena. Anamgumi a mtundu wa Bryde sapezeka kawirikawiri pa zilumba zitatuzi. Amaoneka kumpoto kwa nyanjayi, kufupi ndi gombe la Phetchaburi, akusaka tinsomba ting'onoting'ono.