Simu ya "10GB" ya pafupi ndi Park Station: nyenyezi zitatu, koma palibe ya mnyamata uja

Ndikanalemba ndemanga iyi Lachinayi madzulo, ndili chiimire ku Crown Mines, kopikulira katundu ku Joni (Johannesburg), ndi zikwama zitatu za katundu, ndikanapereka nyenyezi imodzi, nayonso mokakamizika. Ndadikira kuti ndifike kunyumba, mtima ukhale pansi.

Simu yake mukuidziwa, ija amagulitsa m'timashopu tozungulira Park Station, pofikira mabasi ku Joni, yongoponya m'foni n'kuyamba kugwira. R200 pamodzi ndi bandulo. Ndinatsika basi miyendo itatupa, tachita masiku awiri m'njira: Mwanza, Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge. Chidutsireni pa Zobue foni inali ngati njerwa, chifukwa WiFi ya m'basi imene anatilonjeza pogula tikiti inkangoonetsa dzina lake basi. Ndiye nditamva mawu akuti "Mayi, mwafika bwino? Kumudzi kuli bwanji?" kuchokera m'kashopu kena, ndinalowa osaganiza kawiri. Mwana wakwathu, Chichewa chake chomveka bwino cha ku Mangochi. Anandilandira chikwama, nandipatsa mpando. Ndinamufunsa kawiri konse kuti, "Achimwene, 10GB imeneyi ndi yeniyeni?" Iye amvekere, "Mayi, ine ndinganamize mayi anga? Mugwiritsa mpaka mubwerera nayo yotsala."

Mnzanga amene tinali naye m'basi anakana kugula. Anati iye ulendo uliwonse amadalira WiFi ya ku loji ndi ya m'mamolo, ndalama ya bandulo bola aonjezere pa katundu. Masiku awiri oyamba ine ndinkamuseka, ndipo ndinkamugawirako pa hotspot ngati bwana.

Netiweki yokha ndisaname, ndi yabwino. Zithunzi zinkapita ndisanachotse chala. Makasitomala anga a ku Limbe ankasankha makatani ndi nsapato pa vidiyo ngati tili limodzi m'sitolo, ndipo WhatsApp inakhalabe pa nambala yanga ya kwathu, palibe amene anasokonezeka.

Lachinayi lija ndinali m'sitolo ina ya Matchaina, itangodutsa 4 koloko, ndikuonetsa mayi wina zovala za pa bedi zoti akagwiritse ntchito pa chinkhoswe cha mwana wake. Oda yaikulu kuposa zonse pa ulendo umenewu. Tinali titagwirizana mitundu iwiri, watsala umodzi, ndiye nkhope yake inangouma pa foni pakamwa pali yasa. Ndinazimitsa foni, kuyatsanso. Ndinatulutsa simu, kuipukuta pa chitenje, kuibwezera. Zii. Ogulitsa ayamba kutsitsa zitseko, wina akundilozera wotchi. Ndinagula mtundu wachitatuwo mongoganizira, ndipo ndikulemba pano uli m'nyumba mwanga muno, mayi uja anaukana.

Koma vuto lenileni linali panja. Galimoto yobwerera ku loji ndinkaitanitsa pa foni masiku onsewo, ndipo njira ya mateksi sindinavutike n'kuiphunzira. Katundu wa ndalama zanga zonse ali pamapazi, dzuwa likupendeka, ndipo aliyense amene anafikako ku Joni akudziwa kuti suima pamsewu foni ili m'manja maso ali pa foniyo. Ndinakoka zikwama chimodzichimodzi mpaka pakhomo la malo ena odyera pomwe panalembedwa kuti pali WiFi yaulere. Yaulere yake inayamba yafuna dzina, imelo ndi nambala ya foni, kenako tsamba lake linangozungulira osatseguka. Pamndandanda panali ina ya dzina lofanana nayo, yopanda pasiwedi, yolowa msangamsanga. Ndinalowa. M'mutu mwanga ndinati nditsegule apu ya banki ndione ngati mayi uja watumiza ndalama, kenako ndiitane galimoto.

Amene anandigwira dzanja ndi mayi wina wachikulire wa ku Zimbabwe yemwe ankadikira mwana wake pomwepo. Ndi Chingelezi chophatikiza ndi Chishona anandiuza kuti WiFi imeneyo si ya malo odyerawo, iye amabwera pamenepo kawirikawiri ndipo yawo ndi imodzi yokha. Munthu aliyense atha kuyatsa hotspot pa foni yake n'kuipatsa dzina la sitolo, iwe n'kulowa, iye n'kukubweretsera tsamba lonamizira loti ulembepo pasiwedi. Kaya inali ya wakuba kaya ya munthu wosalakwa, ine thukuta linatsika msana wonse. Ndinatuluka pomwepo. Mayiyo ndi amene anandiitanira galimoto pa foni yake, nadikira mpaka zikwama zonse zitalowa. Ndinamupatsa R20, anakana.

Ndili m'galimoto ndi pamene ndinatsegula mauthenga a simu ija. Apa ndivomere kupusa kwanga. Ku South Africa, kuyambira 2019, makampani a foni amalamulidwa kukuchenjeza bandulo ikafika theka, ikafika 80%, komanso ikatha. Mauthenga onse atatu analipo. Ine ndinkangowakankha poyesa ndi zotsatsa malonda. Ndipo uthenga woyambirira weniweni, wa tsiku limene ndinagula, unanena poyera: 5GB nthawi iliyonse, 5GB usiku, kuyambira 12 koloko mpaka 5 koloko m'mawa. Kampani sinabise kanthu. Anabisa ndi mwana wakwathu uja, amene anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti sanganamize mayi ake.

Lachisanu m'mawa ndinamupitira. Sanachite ngakhale manyazi. "Mayi, 5 kuphatikiza 5 si 10? Ine ndinanama pati?" Ndinamufunsa ngati anaonapo munthu akupikula katundu 2 koloko usiku. Anaseka, nati ndionjezere R100 andiikire ina. Ulemu wonse uja wa mpando unali utatha, ankandiyankha maso ali pa kasitomala wina amene anali atangotsika basi, ndipo ndinamumva ndi makutu angawa akuyambanso, "Mayi, mwafika bwino?" Ndinamukoka mayiyo pambali. Ngati mnyamata iwe ukuwerenga, amene anakuthawitsira kasitomala tsiku lija ndine.

Chinanso chimene sanandiuze: simuyo sinali m'dzina langa. Kumeneko kuli lamulo lotchedwa RICA, lofanana ndi kulembetsa simu kumene tinachita kwathu kuno ndi chitupa cha unzika. Simu zongoponya m'foni zija zinalembetsedwa kale m'dzina la munthu wina amene simumudziwa. Foni ikabedwa simungatsitsimutse nambalayo, chifukwa pa mabuku awo si yanu. Ndinapita ku shopu yeniyeni ya kampaniyo mu molo, ndi pasipoti ndi kalata ya ku loji yosonyeza kumene ndikugona. Mtsikana wa pamenepo anandipatsa simu ina m'dzina langa, nandionetsa mabandulo onse pa foni kuti ndisankhe ndekha. Sipanathe theka la ola. Ndiyenso anandionetsa chimene chinadya 5GB m'masiku atatu: mavidiyo a m'magulu a WhatsApp ankadzitsitsa okha, zithunzi zonse za katundu foni inkazikweza yokha kukasunga pa intaneti, kuonjezera apo mnzanga uja ndi Facebook yake pa hotspot yanga. Zonsezo anazitchera kuti zizichitika pa WiFi pokha.

Za mnzangayo, musaganize kuti iye anapambana. WiFi ya ku loji inkagwira pa kauntala pokha, moti madzulo anthu asanu ndi atatu tinkaunjikana pa masitepe ngati tikuotha moto. Magetsi atazima tsiku lina, nayo inazima. Masana onse makasitomala ake ankalemba osayankhidwa, madzulo n'kupeza mauthenga makumi anayi, ena agula kale kwa wina. Ndalama ya bandulo anaisungadi. WiFi ya ku lojiyo ine ndinaipeza ntchito yake: kukweza zithunzi zambirimbiri, kuimbira ana pa vidiyo nthawi yaitali, zinthu zoti zikaduka palibe chotayika. Za banki ndi zoitana galimoto, pa data basi. Simu ya kwathu ndinaisiya m'malo achiwiri a foni, data yake nditatseka, kuti manambala achinsinsi a ku banki azindipeza. Imeneyo muziyamba mwafunsa ku kampani yanu musananyamuke ngati idzagwire kunja, chifukwa mnzanga uja yake inangoti ziii, ndalama ili mu akaunti koma osatha kuikhudza.

Tsono nyenyezi zitatuzi zachokera pati? Pa Beitbridge. Pobwerera tinafika pa boda cha m'ma 1 koloko usiku, mabasi ali ndondondo, kukuzizira koopsa, ndipo kondakitala anati tisayembekezere kuwoloka kusanache. Simu ya mnyamata uja inali m'kachikwama ka ndalama, ndinali ndisanaitaye chifukwa cha mkwiyo chabe, ndinkafuna ndidzaionetse anthu. Ndinaiponya m'foni mongoyesa. 5GB yonse ya usiku ili phee, osakhudzidwa. Ndinayatsa hotspot. Mphindi zochepa chabe, theka la basi linali pa foni yanga. Bambo wina amene ankapita ku maliro a mchemwali wake ku Balaka analankhula ndi abale ake, anamuuza kuti adikira mpaka afike. Mtsikana wina anatumiza kwawo chithunzi cha mwana amene agogo ake anali asanamuonepo. Ine ndinatumiza zithunzi zonse za katundu, moti pofika ku Harare theka linali litagulidwa kale, kungodikira kuti nditsike. Itangokwana 5 koloko inaduka monga mwa lonjezo lake, ifenso tikukwera basi kuti tiwoloke mlatho wa Limpopo.

Ndiye netiweki ndi bandulo ya usiku, zitatu. Ikanakhala m'dzina langa ndikanaonjezera imodzi. Simu yachiwiri ija ndaisunga, ndidzaigwiritsanso ntchito ulendo wa December ngati idzakhale isanatsekedwe. Zovala za pa bedi zobiriwira, zazikulu, zikadali m'pepala lake, amene akuzifuna andipeze, ndichotserako pang'ono.