Wailesi, Windy kapena maso: chodalira mphepo yamkuntho isanafike kuno ku Mulanje

Mphepo imene imasasula malata kuno mu Okutobala ndi Novembala imabwera nthawi zambiri mpweya wozizira wochokera kummwera chakummawa ukakumana ndi mpweya wotentha umene wakhala pansi masiku angapo. Wozizirawo ngwolemera, umalowa pansi n'kukankhira wotenthawo mmwamba, mitambo ya mabingu n'kundandalika mzere. Funso n'lakuti ndani amatiuza msanga.

Tiyambe ndi a Nthambi Yoona za Nyengo, kaya mwawamva pa MBC, Zodiak, Mzati kapena pa tsamba lawo la Facebook. Ubwino wawo ngwakuti ulosi umalembedwa ndi anthu odziwa dziko lino, amene ali ndi malo oyezera nyengo ngati ku Mimosa ndi ku Bvumbwe. Chenjezo la namondwe Freddy mu Malichi 2023 linaperekedwa namondweyo asanafike. Pa zinthu zazikulu zotere palibe wowaposa. Koma akati "mvula ya mabingu ndi mphepo yamphamvu m'madera ena a kummwera", munthu wa ku Muloza sadziwa ngati akunena iye kapena wa ku Luchenza.

Windy, pulogalamu ya pa foni yoonetsa ulosi wa nyengo pa mapu, ndiye ndimaikonda, ngakhale imadya bandulo mopanda chisoni. Ambiri amaitsegula n'kumangosirira mizere ikuyenda, basi. Sankhani pamene alemba "wind gusts", chifukwa chimene chimazula denga si mphepo yamasiku onse koma ija yowomba modzidzimutsa. Kenako onani CAPE, muyezo wa mphamvu imene mpweya uli nayo yokwezera mitambo. Mukaona CAPE yakwera masana, mphepo n'kukhalanso ikutembenuka kuchokera kummwera madzulo a tsikulo, chimanga chimene mwayanika musachisiye panja. Yerekezaninso ECMWF ndi GFS, njira ziwiri zolosera nyengo pa kompyuta zimene Windy imaonetsa. Zikagwirizana, khulupirirani pang'ono.

Vuto la Windy ndi phiri. ECMWF imaona dziko m'timabokosi ta makilomita pafupifupi 9, ndiye Sapitwa wa mamita 3,002 imamusalaza n'kukhala ngati chulu. Sidziwa kuti ku Chitakale mvula ikhoza kukhuthuka pamene kuseri kwa phiri, cha ku Phalombe, anthu akuyenda m'fumbi. Tsiku imalipeza bwino, ola ayi.

Kapulogalamu ka zanyengo koonetsa dzuwa ndi kamtambo, kamene kamabwera kale m'foni, ako ndiye kasiyeni.

Maso nawo ali ndi ntchito yawo, ndipo othyola tiyi m'maesiteti a ku Thyolo amaidziwa. Mtambo ukakwera ngati nsanja, pamwamba pake n'kuphwatalala, pansi pada bii, kenako kamphepo kozizira n'kukuwombani mwadzidzidzi kutentha kuli pakati, dziwani kuti ndi mpweya umene ukugwa kuchokera mumtambomo ndipo mkuntho uli pafupi. Nthawi yotsala ndi yothawira m'nyumba, osati pansi pa bulugama. Yokhomerera denga yatha kale. Ndipo musasokoneze zimenezi ndi chiperoni cha mu Juni ndi Julayi: icho chimabweretsa nkhungu, mawawa ndi chisanu, mabingu kawirikawiri ayi.

Ineyo ndimamva wailesi madzulo, akatchula mphepo ndimatsegula Windy mmawa, masana n'kumayang'ana kumene kwada. Amene alibe foni ya intaneti sakutaya zambiri ngati wailesi ili ndi mabatire, bola misomali ya denga aione mu Seputembala, chizimalupsa chisanagwe.