Kabawi pa dzanja la mwana wanga: nyenyezi zinayi mwa zisanu

Tinanyamuka ku Leeds, ku England, Loweruka m'mamawa kupita kumalo oweta mbalame zosaka, ine, bambo akunyumba, ana awiri ndi apongozi omwe anabwera kudzationa kuchokera ku Dedza. Titangodutsa Skipton tinalowa m'midzi ya Yorkshire Dales, komwe misewu ndi yopapatiza moti ukakumana ndi thirakitala umayamba wabwerera chambuyo kufuna popatukira. Mbali zonse mipanda ya miyala yongosanjika popanda simenti, nkhosa zili mbwee. Netiweki inathera panjira, choncho sungirani mapu mu foni musananyamuke.

Malo oweta mbalame zosakawa tinalipiriratu pa intaneti, ndipo mtengo wake ndi woboola m'thumba ndithu. Komabe mtsikana amene anatilandira amaidziwa ntchito. Anatitulutsira kabawi wamtundu wa Harris's hawk, amene kwawo ndi ku America, nkutiuza kuti amaukonda mtunduwu chifukwa kutchire umasaka m'magulu, ndiye suchedwa kuzolowera anthu. Wamkazi ndiye wamkulu thupi, pafupifupi kilogalamu imodzi. Kabawiyo amamuyeza pa sikelo m'mawa uliwonse, poti akakhuta kwambiri amakangokhala mumtengo, kumuitana ngati sakumva.

Mwana wanga wamkazi anamuveka golovesi yachikopa kudzanja lamanzere, nkumupanitsa kanyama pakati pa zala. Tinangomva kabelu ka kumwendo kuti ngwerengwere, mbalame ija yatsika mumtengo, yadzera pansipansi pafupi ndi udzu, kenaka phaa pa dzanja. Mwana anatsinzina, koma mkono sanagwetse. Atatsegula maso anapeza akuyang'anizana ndi mlomo wokhota uja, ndipo mpaka lero nkhani pa tebulo ndi yomweyo.

Apongozi atazindikira kuti kanyamako ndi mwendo wa mwanapiye anagwira pakamwa. "Inu mayi a Chisomo, kwathu kabawi timamukuwiza akatenga mwanapiye. Kuno mukumupatsa dala, nkulipiranso?" Tinaseka mpaka mtsikana uja anapempha kuti timumasulire. Koma atatulutsa kadzidzi, apongozi anakakhala m'galimoto, eti iwo za usiku sagwira. Ngati mukupita ndi akuluakulu akumudzi, auzeniretu.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha kuchuluka kwa anthu. Anatiphatikiza ndi mabanja ena atatu, ndiye mwana aliyense anangoitana kabawi kawiri, nthawi yotsalayo tikungoima m'matope kuonerera anzathu. Pa webusayiti pawo sanalembenso zoti tibwere ndi jombo, moti nsapato zanga zoyera ndinazitaya. Tikamapitanso ndidzalipira ulendo wa banja lathu lokha, ndipo tiyi ndidzanyamula wanga mu fulasiki, chifukwa kakantini kawo kanali katatseka kale pomwe timabwerera, mano akugwedera ndi chisanu.