Miyezi khumi ndili ndi Korg Minilogue XD: kodi mawu anayi amakwanira pad?

Korg Minilogue XD yanga inafika mu Disembala. Anabwera nayo alamu anga pa basi kuchokera ku Johannesburg, ataikulunga m'bulangeti. Pano tili mu Okutobala, kutentha kwa kuno ku Mangochi kwafika pachimake, ndipo tsopano ndingathe kuinena bwino synthesizer imeneyi, chida cha makiyi chopanga mawu ndi magetsi. Sabata yoyamba ija chilichonse chotulukamo chinkangondikomera.

Ndinaigulira ntchito imodzi basi: pad. Kwa amene simunazolowere, pad ndi mawu aatali aja, ofewa, okhala kumbuyo kwa nyimbo ngati nkhungu ya m'mamawa pa nyanja ya Malombe. Polowa suwamva, koma akachotsedwa nyimbo imatsala mbulanda. Ine ndimapanga afro house ndi amapiano, ndipo Loweruka lina ndimakaimba m'malo ogona alendo cha ku Nkopola ndi ku Cape Maclear. Dzuwa likamalowa anthu amafuna nyimbo yopuma bwino, ndiye pad ndi amene amasenza zonse.

Posankha ndinali ndi zitatu m'maganizo. Yamaha Reface CS imatha kuliza makiyi asanu ndi atatu nthawi imodzi komanso imayendera mabatire a AA asanu ndi limodzi, chinthu chokoma kwa ife a magetsi othimathima, koma payokha siisunga mawu amene wapanga. Arturia MicroFreak imayaka ngakhale ndi power bank, koma mawu ake onse amadutsa mu filter (sefa ya mawu) imodzi ndipo ilibe reverb, kulira kotsalira kuja ngati kwa m'holo. Minilogue XD, imene inatuluka mu 2019, ili ndi makiyi ang'onoang'ono 37, malo osungira mawu 500, ndi chorus (yonenepetsa mawu), delay (yobwereza mawu) ndi reverb m'kati momwemo. Imatha kuliza makiyi anayi okha nthawi imodzi. Ndinkadziwa zimenezo ndisanagule, koma tanthauzo lake ndinalimva ndi khutu mwezi wachiwiri.

Zimachitika motere. Ukagwira chord ya makiyi anayi, mawu onse anayi amene chidachi chili nawo ali pa ntchito. Ukasamukira ku chord ina, chida chimalanda mawu omwewo, ndiye mchira wa chord yoyamba, umene unafunika kuzimirira pang'onopang'ono, umaduka. Pa Roland Juno-106 ya mu 1984, imene ambiri amaitama pa nkhani ya pad, mawu alipo asanu ndi limodzi, kotero pamakhala kampata. Ine poyamba ndinkakweza release, batani lotalikitsa mchira wa mawu ukasiya kiyi, mpaka kumapeto poganiza kuti ndiye mankhwala, koma kudukako kunkangomveka kwambiri.

Chimene chinandimasula ndi kuchepetsa zala. Tsopano ndimagwira makiyi atatu, ndipo kiyi ya pansi, muzu wa chord, ndimaisiyira besi. Mu amapiano log drum yatenga kale malo onse a pansi, nanga pad akafunenso chiyani kumeneko? Release ndimaiika pakatikati, mchira wautali n'kuupereka kwa reverb, poti reverb siiduka chord ikasintha. Kungochita zimenezi nyimbo zanga zinayera. Mnzanga wina amene amaimba kiyibodi kutchalitchi atamva anafunsa kuti, “Achimwene, mwagula masipika atsopano?” Masipika anali omwe aja.

Kapangidwe ka pad kamene ndakhazikikapo ndi aka. Ma oscillator awiri a analog, amene ndi magwero a mawu, ndimawaika onse pa saw, mtundu wa mawu akuthwa, wachiwiri n'kumupotoza pang'ono kwambiri kuti asalingane ndendende ndi woyamba. Kusiyana kochepa kumeneko ndi kumene kumapangitsa mawu kugwedera ngati madzi. Ukapitiriza muyezo zimamveka ngati kwaya yosemphana mawu, ndiye potoza uku ukumvetsera, osati uku ukuyang'ana manambala. Cutoff, batani losankha pomwe filter iyambire kudula, ndimaitsitsa mpaka kuthwa konse kuchoke; resonance, yokweza mawu a pamalo odulirapo, pang'ono chabe. Attack, nthawi imene mawu amatenga kuti akwere, ikhale ya sekondi imodzi kapena iwiri kuti mawu alowe mwaulemu. Kenako LFO, imene imagwedeza batani payokha, ndimaiyendetsa mwaulesi n'kuitumiza ku shape (kaumbidwe ka mawu) kapena ku cutoff. LFO ilipo imodzi yokha, choncho kuyenda kwina ndimakujambula mu motion sequence, imene imakumbukira mabatani anayi amene wapotokola m'kati mwa masitepe 16.

Mbali imene ndinachedwa kuizindikira ndi oscillator yachitatu, ya digito, imene amaitcha multi engine. Miyezi isanu ndi iwiri ndinangoisiya. Nyengo ya mwera mu Julayi, ntchito za kunyanja zitachepa, ndinakhala nayo pansi. Ukaikamo noise pang'ono, pad amakhala ndi mpweya, ngati munthu akupuma pafupi ndi maikolofoni. Ukaika VPM, mtundu wina wa mawu ake, pa kiyi yapamwamba, pamabwera kunyezimira ngati kwa belu lakutali. Pad amene ndimamukonda kuposa onse anabadwa sabata imeneyo, ndipo ndinam'patsa dzina loti Mwera.

Za pansi zotsala ndimazidula ndi EQ, yochepetsa kapena kukweza mbali za mawu, mu FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo pa kompyuta, chifukwa filter ya chidachi imadula za pamwamba zokha. Dziwaninso kuti USB yake imanyamula MIDI yokha, uthenga wa makiyi amene wagwira, osati mawu. Kuti mawu alowe m'kompyuta pamafunika audio interface, kabokosi kolumikiza chida ndi kompyuta, ndi zingwe ziwiri. Musajambule ndi chingwe chimodzi, chorus ndi reverb zake kukoma kwake kuli pa kumanzere ndi kumanja.

Nanga za kuno kwathu? Ilibe malo a mabatire, imadalira adaputala ya 9V, ndiye magetsi akathima ndimaiyatsa pa inveta ya sola. Siidya moto wambiri. Ma oscillator a analog amasuntha pang'ono kutentha kukasintha, ndi chikhalidwe chawo, choncho ndikafika pamalo oimbira ndimaiyatsa msanga kuti izolowere mpweya wa pamenepo ndisanayambe. Fumbi ndi mchenga ndimazitchinga ndi chitenje, ndipo mpaka lero palibe batani limene lalimba. Makiyi ang'onoang'ono aja zala zinazolowera patatha milungu iwiri.

Kwa woimba kiyibodi wofuna kugwira manja onse awiri, makiyi asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, chida ichi sichanu. Funani cha mawu ambiri. Koma kwa wopanga nyimbo pa kompyuta, amene angathe kujambula pad kawiri n'kusanjikiza, ndikuchivomereza ndi mtima wonse. Ine ndikanagulanso chomwechi. Mwa malo 500 aja, anga ndadzazamo pafupifupi makumi atatu, ndipo Loweruka likubwerali ndikupita nawo ku Monkey Bay.