HelpNDoc ndiyabwino koma onani kaye mmene imasungira pulojekiti

Kwa amene mumalemba ma help (malangizo a kagwiritsidwe ntchito) a mapulogalamu, HelpNDoc, pulogalamu yolembera ma help amenewa, ndaikonda ndithu. Pulojekiti yonse imakhala mu fayilo imodzi ya .hnd, ma topic (mapeji a help), ma keyword komanso library momwe mumaikamo zithunzi ndi ma variable (mawu omwe mumasunga kamodzi n'kumawagwiritsa ntchito m'mapeji ambiri), ndiye backup ndi kungokopera kafayilo kamodzi basi. Library ija ndiye yandisangalatsa kwambiri, dzina la pulogalamu mukaliika ngati variable mumasintha pamalo amodzi okha lasinthika paliponse, palibe zoyenda peji ndi peji. Project analyzer nayo imakuonetsani ma link ofa ndi zithunzi zomwe sizikugwiritsidwa ntchito.

Koma ngati muli gulu pamenepo ganizani kawiri, fayilo imodzi anthu awiri kulembamo nthawi imodzi ndi chintchito, ndipo Git (pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha m'mafayilo) singakuonetseni mzere womwe wasintha ngati mmene zimakhalira ndi MadCap Flare, pulogalamu ina yolembera ma help, yomwe topic iliyonse ndi fayilo payokha.

HelpNDoc imatulutsa HTML, PDF, Word, ePub ndi CHM, mtundu wa fayilo ya help ya pa Windows (ya CHM imafuna pulogalamu ya Microsoft yotchedwa HTML Help Workshop). Imayenda pa Windows. Yaulere ilipo koma ndi ya ntchito zanu zokha osati za bizinesi, ndipo imaika kabanner pa zomwe mwatulutsa.