Ka Mercedes 300 SL Gullwing kanga ka 1/24, patha miyezi 8 chimalizireni

Nditangomaliza kumanga kiti imeneyi, kagalimoto ka tizidutswa ta pulasitiki tolumikiza wekha, ndinkangoiyamikira basi, chilichonse chinkaoneka bwino chifukwa penti inali ikadali yatsopano ndipo mtima unali m'malo. Pano yakhala pa shelefu miyezi 8, ndayiona masana ndi usiku, ndayinyamula kangapo, ndiye ndikhoza kunena zoona zake za zomwe zalimba ndi zomwe zayamba kuonetsa mavuto.

Kwa amene simukuidziwa, iyi ndi Mercedes-Benz 300 SL, ija ya zitseko zotsekukira m'mwamba ngati mapiko a mbalame. Anaionetsa koyamba ku New York mu February 1954, Max Hoffman yemwe ankagulitsa ma Mercedes ku America ndi amene anakakamira kuti ipangidwe yoyenda pamsewu, ndipo mpaka 1957 anapanga 1,400 zokha za denga lolimbazi kenako kunabwera Roadster, ya denga lotsekuka. Yeniyeni ndi yotalika pafupifupi mamita 4.5, ndiye pa sikelo ya 1/24 kagalimoto kake kamatalika pafupifupi masentimita 19, kamakwana m'dzanja bwinobwino.

Chomwe ndikunyadira mpaka lero ndi chimango cha mkati. Galimoto yeniyeni inamangidwa pa chimango cha timapaipi tating'onoting'ono towotcherana, ntchito ya injiniya Rudolf Uhlenhaut yochokera pa galimoto ya mpikisano ya W194 yomwe inapambana mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans, ku France, mu 1952. Timapaipito timadutsa m'mbali mokwera kwambiri moti chitseko wamba sichikanatheka, n'chifukwa chake zitseko zinapita m'mwamba, sikuti ankafuna sitayilo ayi. Izi ndinkazidziwa powerenga koma ndinazimvetsa zenizeni nditagwira tizidutswato ndi manja anga ndikulumikiza kamodzikamodzi, ukafika pambali paja umaona wekha kuti apa chitseko chilibe podutsa. Apa ndinadekha, ndinapala mizere yonse ya chikombole ndi mpeni, ndinayesa kaye kulumikiza popanda guluu, kenako ndinagwiritsa guluu wamadzimadzi uja wosungunula pulasitiki kuti zidutswa ziwiri zikhale chimodzi. Miyezi 8 palibe polekana ngakhale pamodzi, matayala onse anayi akugunda pansi mofanana. Injini ya masilinda 6 ija yogonekedwa chambali kuti boneti itsike, ndi timapaipi take ta fuel injection, topopera mafuta mu injini, nayonso ili monga ndinaisiyira.

Bodi ndiye nkhani ina. Ndinasankha siliva poti ndi mtundu womwe anthu amaidziwira galimotoyi, koma siliva sabisa kanthu abale. Kumbuyo chakumanja kunali kadzenje kakang'ono komwe ndinatseka ndi putty, phala lija lotsekera maenje, ndinakwecha ndi sandipepa tsiku lomwelo, m'mawa mwake pulaima, kenako penti, zonse mothamanga chifukwa ndinkafunitsitsa kuona galimoto itavala mtundu wake. Pa nthawiyo panali posalala ndithu. Patatha miyezi ngati 3 ndinayamba kuona kamzere kozungulira pamalo pomwepo, pano kakuoneka bwino kuwala kukachokera chambali. Putty wa mtundu umenewu amauma pamene thina wa mkati mwake akuuluka, ndipo akamauma amanyala, ndiye ukamuphimba msanga amapitiriza kunyala pansi pa penti n'kuikokera mkati. Ndikanangodikira sabata imodzi kapena ziwiri sizikanachitika. Zimandipweteka ndithu chifukwa kwina konse pentiyo yagona bwino, clear coat, penti yoonekera mkati yopopera pamwamba, sinasweke kapena kuchita chikasu, ndipo tinsidze tija ta pamwamba pa matayala tikuonekabe takuthwa.

Za chrome, zokutira zonyezimira ngati chitsulo zija, ndaphunzirapo kanthu. Bampa yakutsogolo inagwa yokha mwezi wachiwiri ndikupukuta fumbi. Vuto linali langa, guluu wa pulasitiki sagwira pa chrome kapena pa penti, umayenera kupala kaye pamalo polumikizirapo mpaka pulasitiki yeniyeni ioneke. Yakumbuyo ndinapala ndipo sinagwedezeke mpaka pano, yakutsogolo ndinaiwala. Ndinaibwezera nditapala, yakhazikika. Komanso chrome chomwe ndinkachigwira ndi zala chazilala pang'ono kusiyana ndi chomwe sindinachikhudze, ndiye pano ndikafuna kuinyamula ndimagwira pansi kapena kuvala magulovu.

Magalasi ali bwino onse kupatula kamodzi kakang'ono ka pachitseko. Enawo ndinamata ndi guluu woyera uja wouma n'kukhala ngati madzi, koma kameneka kanavuta kukhazikika ndiye ndinadonthezera super glue pang'ono, mpweya wake unasiya chifunga choyera m'mphepete ndipo sichinachoke. Sichinakule, koma diso langa limathamangira pomwepo nthawi zonse.

Zitseko ndi zomwe aliyense wobwera kudzaona amafuna kugwira. Miyezi yoyamba ndinkatsekula n'kutseka pafupipafupi kuonetsa anthu, penti ya m'mphepete mwa denga inayamba kukalika ndipo chakumanzere chinayamba kulendewera pang'ono. Tizigwiriro take ndi ta pulasitiki woonda kwambiri, pa sikelo imeneyi sitingakhale tokhuthala, ndiye si zoseweretsa. Ndinaganiza zozisiya zotsekula mpaka kalekale, ndipo ndi momwe galimotoyi imakongolera, komanso mkati mumaoneka, chiwongolero chija chomwe pa yeniyeni chimapindikira pansi kuti woyendetsa alowetse miyendo, ndi mipando. Mipandoyo ndinaipanga ya nsalu ya mabokosimabokosi monga zinkatulukira zambiri nthawi imeneyo, pogwiritsa ma decal, timapepala toonda ta zithunzi tomata, ndinayamba ndapopera clear wonyezimira pansi kenako wosanyezimira pamwamba, ndipo sanatukuke kapena kuchita mawanga oyera.

Koma zitseko zikakhala zotsekula fumbi limalowa mkati, ndipo kulichotsa pakati pa mipando ndi kuseri kwa chiwongolero ndi ntchito yoopsa, bulashi ikangokola kagiya kapena kagalasi koonera kumbuyo basi kathyoka. Miyezi 2 yoyamba inali pamtunda, ndinavutika, kenako ndinaiika mu kabokosi koonekera mkati ndipo kuyambira pamenepo sindinapukutenso. Ndinaichotsanso pafupi ndi windo poti dzuwa limachititsa clear ndi ma decal chikasu ndipo kutentha kumatha kupinda tizidutswa toonda. Matayala ndimawayang'ana mwezi ndi mwezi chifukwa labala wina wofewa amadya pulasitiki yosapentedwa akakhudzana nthawi yaitali, ine ndinapenta marimu mbali zonse mpaka mkati ndipo pansi pa kabokosi ndinayala kapepala, pakadali pano palibe chasungunuka.

Kodi ndingaigulenso? Eya, mosakayika, ndipo ndagula kale ina yomwe ili m'bokosi. Kwa amene sanamangepo kiti ya galimoto ndinganene kuti ayambe ndi ina yosavuta, ya zitseko zosatsekuka, chifukwa chimango ndi zitseko za iyi zimafuna manja ozolowera. Yachiwiriyi ndikufuna ikhale yakuda mkati mofiira, putty ndamuika kale sabata yatha ndipo bodi ili pambali ikudikira, sindiikhudza mpaka mwezi utha.