Dzino lomata silikudziwika, koma tiyi wayamba kusiya mzere

Nyenyezi zinayi mwa zisanu. Ndinamatitsa dzino lakutsogolo pa chipatala china cha mano cha pulaiveti ku Lilongwe, litabenthuka pakona ndikutafuna chimanga chokazinga. Anamata ndi kompoziti, phala loyera lija amaliumitsa ndi katochi ka buluu.

Chomwe ndawagomera ndi kasankhidwe ka mtundu. Asanagwire chida chilichonse, adokotala anandiuza kuti ndipukute lipisitiki, nkundiimika pawindo, kenako nkumayerekeza dzino langa ndi timano tachitsanzo tosankhira mtundu, topangidwa ndi kampani ya VITA. Timanoti tilipo 16, kuyambira A1 mpaka D4. Maso anga anali pa B1 poti nkoyera kwambiri, koma iwo anakana, ati dzino limodzi likhala likuwala lokha pakati pa anzake. Anandifotokozera kuti mtundu amasankhiratu chifukwa dzino likauma, munthu atayasamula nthawi yaitali, limayera kuposa mmene lilili, ndiye wosankha mochedwa amanamizika. Anayamba aika kadontho ka kompoziti pa dzinolo nkukaumitsa kuti tione tonse pagalasi, kenako nkukachotsa.

Sanamate ndi mtundu umodzi. Mkati anaika A3 wosalowa kuwala, pamwamba A2 wolowa kuwala pang'ono, moti kunsonga kukuoneka mbuu ngati dzino linzake. Tsiku lomwelo pomatapo pamaoneka poderako, mtima unali m'mwamba, koma anati ndidikire mano abwerere mwakale. Mmawa mwake sindinathenso kuloza pomwe dzino lathera ndi pomwe phala layambira. Ngakhale pa zithunzi za foni zoyatsa fulashi sizikudziwika, ndipo achemwali anga, omwe sabisa mawu, analoza dzino lolakwika.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha izi. Patapita miyezi ingapo, m'mphepete mwa pomatapo mwayamba kamzere kabulauni. Ndimamwa tiyi wopanda mkaka m'mawa ndi madzulo, ndipo palibe anandichenjeza kuti tiyi, khofi ndi fodya zimathimbiriritsa kompoziti msanga kuposa dzino lenileni. Nditabwererako anapolisha mzerewo nkuchoka, koma anandilipiritsanso, pomwe mtengo woyamba unali kale wokwera. Zimenezi akanandiuza poyamba pomwe.

Kwa amene mukufuna kuyeretsanso mano, yambani mwayeretsa kenako mumatitse, chifukwa mankhwala oyeretsera sasintha mtundu wa kompoziti. Ndipo pemphani nthawi ya masana kuti mtunduwo akausankhire pa kuwala kwa dzuwa, osati pansi pa nyali ya pampando wa adokotala.